Kuika Zenera Loonekera pa Hard Drive Popanda Kuipha

Funso ili ndaliyankha kambirimbiri moti ndaona kuti ndingolemba kamodzi. Munthu akaona hard drive, chipangizo chosungira mafayilo mu kompyuta, ili ndi zenera pamwamba, mbale yake ikuzungulira ndi kunyezimira, kamkono kakuthamangira uku ndi uku, amafunsa kuti, "Chitsulocho mwadula ndi chiyani?" Ndimamuuza, koma kudula ndi mbali yosavuta ya ntchitoyi. Zimene zimapha hard drive zambiri ndi fumbi, utuchi wa chitsulo, ndi sikuluwu imodzi imene anthu amaimanga ngati akumanga chitseko.

Musanagwire chida chilichonse, dziwani zimene zili mkatimo. Muli mbale zosalala zimene zimasunga mafayilo anu, ndipo zambiri zimazungulira ka 5,400 kapena ka 7,200 pa miniti. Ikamazungulira ka 7,200, m'mphepete mwa mbale mumathamanga pafupifupi makilomita 120 pa ola. Pamwamba pa mbaleyo pali kamutu kowerenga ndi kulemba, kamene kali kunsonga kwa mkono. Kamutuka sikakhudza mbale. Kamayandama pa mpweya umene mbale ikukoka pozungulira, ndipo pa hard drive za masiku ano mpata wa pakati pake sufika n'komwe mananomita 10. Milimita imodzi ili ndi mananomita 1,000,000, ndipo tsitsi limodzi la munthu n'lonenepa mananomita pakati pa 50,000 ndi 100,000. Choncho kafumbi kamene maso anu sakukaona, kwa kamutuka ndi thanthwe lili pakati pa msewu. Kakagunda, kamakanda mbale, pokandikapo pamatuluka fumbi lina, fumbilo limakandanso pena, mpaka zonse zitatha. Akatswiri amati head crash. N'chifukwa chake okonza hard drive amazitsegulira m'chipinda chimene amachitcha Class 100, momwe mpweya wodzaza bokosi la fiti imodzi mbali zonse suloledwa kukhala ndi tifumbi toposa 100 ta kukula theka la maikulomita kapena kuposa (maikulomita imodzi ndi mananomita 1,000).

Inu chipinda chotere mulibe. Nzeru yonse ya malangizo anga ndi yakuti hard drive yamoyo ikhale yotsegula kwa nthawi yosafika miniti imodzi, ndipo ntchito yonse yonyansa ichitikire kutali nayo.

1. Sankhani hard drive imene ikafa simudzalira.

Ikhale yakale, yaikulu ya mainchi 3.5, makamaka ya mbale imodzi, monga za 80 GB mpaka 500 GB. Zakale sizinapanikize zinthu zambiri pamalo ochepa, kamutu kake kamayandama m'mwambako pang'ono, ndiye zimapirira. Zing'onozing'ono za mu laputopu zisiyeni: mkati mwake ndi mothinana kwambiri, ndipo zambiri zili ndi mbale zagalasi zimene zimasweka. Zodzaza mpweya wa helium, zimene kampani ya HGST inayamba kugulitsa mu 2013, musaziyerekeze n'komwe. Zimenezo n'zomata kotheratu, ndipo mpweyawo ukangotuluka ntchito yake yathera pomwepo.

Koperani mafayilo onse muwasunge kwina. Mukangochotsa chivundikiro waranti yatha, ndipo kuyambira tsiku limenelo hard drive imeneyi ndi yokongoletsera basi. Zithunzi za banja lanu kapena ntchito ya kusukulu musadzasungemonso.

2. Pezani mnzake wofanana naye ndendende, ngakhale atakhala wakufa.

Apa m'pamene ndimasiyana ndi ambiri. Iwo amavundukula hard drive, kuiika m'thumba la pulasitiki, n'kupita kukadula chivundikiro chake, kudikira guluu aume masiku awiri, uku mbale ili pamtetete. Ine ndimatenga hard drive yachiwiri ya nambala yofanana, yowonongeka kale, n'kudula chivundikiro cha imeneyo. Yamoyo imakhala yotseka mpaka tsiku lomaliza. Yerekezani nambala ya mtundu imene yalembedwa papepala lapamwamba, ndipo muone kuti mabowo a masikuluwu ndi mapindidwe a chitsulo akufanana. Yakufayo ikuthandizaninso kuona mkati mosaopa, ndi kuyeserera kusintha chivundikiro mpaka manja atazolowera.

3. Yezani thanzi la yamoyo.

Hard drive iliyonse imasunga mbiri ya thanzi lake, imene imatchedwa SMART. Pa Windows mungaiwerenge ndi pulogalamu ya CrystalDiskInfo, pa Linux ndi ya smartctl. Yang'anani mizere itatu: nambala 5, imene imawerenga malo owonongeka amene asinthidwa kale, nambala 197, ya malo okayikitsa, ndi nambala 198, ya malo amene akanika kuwerengeka. Ndi bwino yonse ikhale pa 0. Jambulani chithunzi cha zotsatirazo kuti mudzayerekeze mukamaliza.

4. Sonkhanitsani zipangizo.

Mufunika sikuludiraiva ya Torx, ija ya mutu wonga nyenyezi ya nsonga 6; pa hard drive za mainchi 3.5 nthawi zambiri imakhala ya saizi T8. Mufunikanso chobowolera, chodulira chitsulo monga Dremel kapena kasowo kakang'ono, tupa, sandipepa, tepi, magalasi oteteza maso, magolovesi a nitrile opanda ufa mkati, tochi yowala kwambiri, guluu wa epoxy wosakaniza mbali ziwiri, ndi chidutswa cha pulasitiki yoonekera chonenepa mamilimita 1.5 kapena 2. Ine ndimakonda polycarbonate kusiyana ndi acrylic chifukwa sithetheka msanga poidula. Kapepala kotetezera kamene kamabwera kali pa pulasitikiyo musakachotse mpaka nthawi yomata itakwana.

5. Vundukulani yakufa ndi kujambula zenera.

Masikuluwu ena ali poonekera m'mphepete, koma ena amabisala pansi pa pepala lapamwamba kapena pansi pa timapepala tozungulira tonyezimira. Sisitani ndi chala, mumva pamene pali kadzenje. Chivundikiro chikamakana, musachikakamize, pali sikuluwu imene simunaione.

Tsopano yang'anani bwino sikuluwu imene siili m'mphepete. Pa hard drive zambiri pali imodzi imene imadutsa chivundikiro n'kukalowa pamwamba pa kachitsulo kamene mkono umazungulirapo. Pa zina palinso ina yolowa pakati pa mbale. Malo amenewa sadulidwa. Siyani chitsulo chokwanira mozungulira bowolo, cholumikizana bwinobwino ndi mbali yotsala ya chivundikiro, chifukwa chivundikirocho chimagwira mutu wa kachitsuloko kuti kasapendekeke. Ndaonapo anthu atadula zenera lalikulu lokongola, n'kuchotseratu malo a sikuluwu imeneyi, kenako n'kumadabwa kuti hard drive ikungolira tiki, tiki, osaoneka pa kompyuta.

Pewaninso zinthu ziwiri. Choyamba ndi kalabala kofewa kamene kazungulira m'mphepete mkati mwa chivundikiro, kamene kamatseka kuti mpweya wakunja usalowe. Zenera litalikirane nako mamilimita osachepera 6. Chachiwiri ndi kabowo kopumira, kamene pa hard drive zambiri pamalembedwa chenjezo loti musakatseke. Kuseri kwake kuli kasefa. Ngati kali pa chivundikiro, kamateni ndi tepi mbali zonse ziwiri panthawi yodula ndi yotsuka, ya mkati mudzaichotse musanaike chivundikiro pa hard drive yamoyo, ya kunja pomaliza. Zenera labwino limaonetsa theka la mbale ndi njira yonse imene kamutu kamayendamo. Limenelo n'lokwanira.

6. Dulani.

Chitirani panja kapena m'chipinda china, kutali ndi hard drive yamoyo. Matani tepi pamwamba pa chivundikiro kuti chisakandike, chipanikizeni pa thabwa lathyathyathya, bowolani m'makona, kenako dulani kuchoka pa bowo kufika pa bowo linzake. Musachitenthetse kwambiri ndipo musachipinde, chifukwa chivundikiro chopindika sichitsekanso bwino. Salazani m'mphepete ndi tupa kenako ndi sandipepa, mpaka chala chizidutsa osakodwa paliponse.

7. Tsukani, kenako tsukaninso.

Hard drive yanga yoyamba inafera pa sitepe imeneyi. Ndinatsuka chivundikiro kamodzi, chinkaoneka choyera mbee, ndinamata zenera, ndinatseka. Inagwira ntchito madzulo onse. Mawa lake ndinaona kamzere kozungulira pa mbale, kotuwa, koonda ngati tsitsi, ndipo pofika madzulo mkati monse munali mbuu ngati mwathiridwa phulusa. Nditatsegula ndinapeza tizidutswa ta chitsulo titakakamira pa maginito. Tinali titabisala m'mbali mwa kalabala kaja.

Kumbukirani kuti mkati mwa hard drive muli maginito a neodymium amphamvu kwambiri amene amayendetsa mkono. Utuchi uliwonse wa chitsulo umene watsala pa chivundikiro umakokedwa, ndipo paulendo wake wopita ku maginito umadutsa pamwamba pa mbale. Zivundikiro zina ndi zitsulo ziwiri zomatikizana pofuna kuchepetsa phokoso, ndiye utuchi umalowa pakati pake pamene mwadula, n'kumatuluka pang'onopang'ono hard drive ikamanjenjemera.

Tsukani ndi madzi a sopo ndi kaburashi kofewa, kutsata kalabala konse ndi bowo lililonse la sikuluwu. Ngati kasefa kali pa chivundikiro, musachimize m'madzi. Tengani maginito a mu hard drive yakufa ija, akulungeni m'kathumba ka pulasitiki, ayendetseni pa chivundikiro chonse, kenako muone zimene zakakamira pa kathumbako. Bwerezani mpaka kathumba kazituluka koyera. Tsukuluzani ndi madzi oyera, pukutani chitsulo ndi isopropyl alcohol, n'kuchisiya chiume m'chidebe chotseka. Isopropyl ndi ya chitsulo chokha. Pa pulasitiki imatha kuyambitsa timing'alu, ndipo acetone ndiye imaisungunula. Zenera litsukeni ndi madzi a sopo basi.

8. Matani zenera kunja kwa chivundikiro.

Kunja, osati mkati. Mpata wa pakati pa chivundikiro ndi mkono ndi wochepa, moti pulasitiki ikakhala mkati ingakhudzane ndi zinthu zoyenda. Dulani pulasitiki ikule kuposa bowolo mamilimita 5 mbali zonse, koma isaphimbe mabowo a masikuluwu kapena kabowo kopumira. Pakani epoxy mzere umodzi wosadukiza mozungulira, ikani zenera, tsinditsani pang'ono ndi chinthu cholemera. Pakaninso kaguluu kochepa m'mphepete mwa chitsulo mmene munadula, kuti utuchi uliwonse wobisala utsekeredwe momwemo.

Supaguluu musamugwiritse ntchito. Akamauma amatulutsa nthunzi imene imasiya zoyera pa pulasitiki, ndipo nthunzi yomweyo ikhoza kukakhala pa mbale. Silikoni amene amanunkha ngati viniga nayenso ayi, fungolo ndi asidi. Ngakhale epoxy mumusiye aume maola 48 asanayandikire hard drive yamoyo. Akauma, lozetsani chivundikiro ku nyale muone ngati pali pamene guluu wadukiza.

9. Konzani bokosi loyera.

Ena amalangiza kuti mutsegule madzi otentha m'bafa, nthunzi idzaze, mudikire itsike pamodzi ndi fumbi. Zimathandiza pang'ono, koma chinyezi chimene chatsala mu mpweya mumachitsekera mkati mwa hard drive. Ine ndimakonda bokosi. Tengani bokosi lalikulu la pulasitiki loonekera, ligonekeni chammbali kuti kukamwa kwake kuyang'ane inu. Kumbuyo kwake bowolani, muikepo sefa ya HEPA ndi fani yokankhira mpweya mkati kudzera mu sefayo, ndipo mutseke mipata yonse ndi tepi. Sefa ya HEPA imagwira tifumbi 99.97 pa 100 tilitonse ta kukula maikulomita 0.3. Mpweya woyera ukamatuluka kubwera kwa inu, fumbi la m'chipinda ndi la m'thupi mwanu silingalowe. Pukutani mkati ndi nsalu yonyowa yosathothoka, yatsani fani kwa theka la ola, kenako zimitsani nyale za m'chipinda n'kuwunika ndi tochi chopingasa. Mukaona tinthu tikuuluka m'kuwalako, nthawi sinakwane.

10. Sinthani chivundikiro.

Sitepe iyi ndi imene malangizo ambiri amangoidumpha ndi mawu akuti "bwezerani chivundikiro." Tikhalepo pang'ono.

Yambani ndi kunja. Pukutani hard drive yamoyo mbali zonse, makamaka mumpata wa pakati pa chivundikiro ndi thupi lake, chifukwa fumbi la zaka zambiri limene lili mmenemo limagwera mkati mukangotukula. Matulani timapepala tophimba masikuluwu muli kunja kwa bokosi, n'kupukutanso. Valani malaya osathothoka, phimbani tsitsi, pakamwa ndi mphuno, valani magolovesi. Khudzani chitsulo cholumikizidwa pansi kapena valani lamba wa padzanja wochotsa magetsi a static, aja amasonkhana m'thupi kapena pa pulasitiki ikatikitidwa. Magetsi amenewa amapsereza kamutu ndi bolodi la zamagetsi la hard drive, komanso amachititsa zenera kukoka fumbi. Ndiye zeneralo musalipukute ndi nsalu youma.

Tsopano sikuluwu ya pa mkono ija. Pa hard drive zina, kulimba kwa sikuluwu imeneyi kumasintha mmene mkono wakhalira. Mukaimanga mopitirira kapena mosakwanira, kamutu kamaphonya mizere imene inalembedwa pa mbale kufakitale. Musanaimasule, lembani kadontho ndi cholembera pa mutu wake, kumbali yoyang'ana kumene kumalowa mawaya, ndipo jambulani chithunzi. Poimasula werengani kuti yazungulira kangati. Popeza chivundikiro chatsopano n'chofanana kunenepa ndi chakale, mukadzaibwezera m'bowo lomwelo n'kuizungulitsa mpaka kadontho kabwerere pamene kanali, mudzakhala pafupi kwambiri ndi mmene anaimangira. Chitani chimodzimodzi ndi sikuluwu ya pakati pa mbale ngati ilipo. Masikuluwu enawo musawasakanize. Jambulani chivundikiro pa pulasitiki ina n'kuika iliyonse pamalo pake. Katoni musalowetse m'bokosi, imathothoka.

Ikani zonse m'bokosi: hard drive pakati, chivundikiro chatsopano kudzanja limene mumagwiritsa ntchito, mkati mwake mutayang'ana pansi pa malo oyera. Chiwunikeni komaliza ndi tochi. Masulani masikuluwu onse koma chivundikiro chakale chikhalebe pomwepo, mutachipanikiza ndi chala. Kalabala kamakhala katakakamira, ndiye lowetsani kapulasitiki kopyapyala pakona imodzi, mongokhudza m'mphepete, mpaka mumve kuti chamasuka. Sikuludiraiva musalowetsemo, ikaterereka ikafikira pa mbale.

Tukulani chakale molunjika m'mwamba, chichotseni chammbali, ikani chatsopano. Basi. Manja anu asadutse pamwamba pa mbale, mutu wanu ukhale kunja kwa bokosi, musalankhule. Mtima udzafuna kuti muimirire kaye muyang'ane kukongola kwa mbale, koma mudzaiona kwa zaka kudzera pa zenera. Musaizungulitse ndi chala, musasunthe mkono. Kamutu kamakhala kataimikidwa pamalo ake, mwina pafupi ndi pakati pa mbale kapena pa kapulasitiki kotsetsereka kunja kwa mbale, ndipo mukakakokera pa mbale yosazungulira kamakakamira kapena kupindika.

Mukaona kafumbi katagwera pa mbale, musauzire ndi pakamwa, mpweya wa m'kamwa uli ndi malovu. Mpweya wa m'chitini nawonso umatha kulavula timadzi tozizira timene timasiya banga. Gwiritsani ntchito kampira kopopera mpweya kamene ojambula amayeretsera makamera, katsopano, mupope chapatali mopendekera kunja. Chala, nsalu kapena thonje zisakhudze mbale ngakhale pang'ono.

Bwezerani masikuluwu a m'mphepete poyamba, onse mongogwiriza. Kenako amangeni modumphadumpha, iyi kenako ya moyang'anizana nayo, pang'onopang'ono maulendo awiri kapena atatu, kuti kalabala katsindiridwe mofanana. Kuthamanga si kufika. Ukamanga mbali imodzi mpaka kumapeto, chivundikiro chimapendama. Ya pa mkono ikhale yomaliza, mpaka kadontho kafike pamalo pake. Chotsani tepi ya kunja kwa kabowo kopumira. Ya mkati muyenera kuti munaichotsa kale musanaike chivundikiro.

Yesererani zonsezi pa yakufa ija kasanu kapena kupitirira, mukudziwerengera nthawi. Kuchoka potukula chakale kufika poika chatsopano kusapitirire masekondi 15.

11. Yatsani ndipo mumvetsere.

Igonekeni pamalo athyathyathya, lumikizani magetsi. Ya mainchi 3.5 imafuna 12V ndi 5V, choncho ngati mukugwiritsa ntchito waya wa USB, ukhale wokhala ndi magetsi akeake. Muyenera kuona mbale ikuyamba kuzungulira, mkono n'kulowa, kugwedezeka pang'ono, n'kukhazikika. Mukamva kukhwekhwereza kapena kulira kwa chitsulo chikukhuzana ndi chinzake, zimitsani nthawi yomweyo. Mukaona mkono ukupita n'kubwerera uku ikulira tiki, tiki, zimitsani, dikirani mbale iime, sunthani sikuluwu ya pa mkono pang'ono chabe, osafika kota ya kuzungulira kumodzi, n'kuyesanso. Ikakana, bwererani pa kadontho muyese mbali inayo. Musaisiye ikugogoda kwa nthawi yaitali.

Ikaoneka pa kompyuta, musafulumire kusangalala. Ilembeni yonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza, pogwiritsa ntchito full format ya Windows kapena badblocks ya Linux, kenako werenganinso SMART. Yerekezani mizere 5, 197 ndi 198 ndi chithunzi chija. Malo owonongeka awiri kapena atatu amene sakuwonjezereka si oopsa kwa hard drive yokongoletsera. Manambala akamakwera tsiku ndi tsiku, mkati muli fumbi ndipo ikupita. Muziyang'ananso pa zenera ndi tochi: mbale yathanzi imakhala ngati kalilole, yopanda mzere wozungulira.

12. Kuwala ndi malo oikapo.

Nyale za LED ziikeni kunja, zowunikira chopendekera kudzera pa zenera. Kulowetsa waya mkati ndi kubowola njira ina ya fumbi. Dziwaninso kuti hard drive ya mainchi 3.5 nthawi zambiri imakhala yotalika mamilimita pafupifupi 26 kuchoka pansi kufika pamwamba, ndiye zenera lawonjezerapo awiri. M'makesi ena a kompyuta siilowanso pamalo ake akale, ndipo mukaikankha mokakamiza zenera limamatuka. Pezani malo apoyera pamene pakudutsa mpweya, chifukwa pulasitiki situlutsa kutentha ngati chitsulo.

Kampani ya Western Digital inatulutsa hard drive ya zenera lochokera kufakitale mu 2006, yotchedwa Raptor X, ya 150 GB ndi yozungulira ka 10,000 pa miniti. Mukapeza yogwiritsidwapo kale imene ikugwirabe ntchito, ntchito yonseyi mwaipewa. Koma kaya ndi imeneyo kapena yanu yodzipangira, mkono suyenda kwambiri ngati mukungokopera fayilo imodzi yaikulu. Ikanimo timafayilo tating'ono masauzande ambiri, kenako muyambitse defragment, imene imasanja tizidutswa ta mafayilo tomwazikana, kapena pulogalamu yoyeza liwiro lowerenga malo osiyanasiyana, ndipo mudzaona mkono ukuthamanga moti maso sangautsatire.